Jim McGuinness sanaphe mpira wa Gaelic, mlandu wake ndi wina

Mukafunsa okonda mpira wa Gaelic ku Ireland kuti anawononga masewerowa ndani, ambiri sazengereza kutchula Jim McGuinness, mphunzitsi wa timu ya Donegal. Umboni wawo ndi zomwe zinachitika pa 28 Ogasiti 2011, pomwe Donegal inakumana ndi Dublin mu semifainolo ya chikho cha All-Ireland pabwalo la Croke Park. Tsikulo Donegal inasiya Colm McFadden yekhayekha kutsogolo, ena onse n'kukaunjikana kudera lawo. Pomapita kokapuma, Dublin inali itapeza mapointi awiri okha. Masewero anatha 0-8 kwa 0-6, kutanthauza mapointi 8 kwa 6, mokomera Dublin, chonsecho uwu ndi mpira womwe timu imodzi imatha kupeza mapointi 15 kapena 20. Anthu oposa 80,000 anali m'bwalomo, ambiri anakuwiza osewera, ndipo akatswiri a pa kanema sanasiye mawu onyoza m'thumba.

Ine ndikuti mlandu umenewu akungomusemera. McGuinness ali nawo mlandu wake, wolemera ndithu, koma si uwu ayi.

Kuti timvane bwino tiyambe taona mpirawo. Mbali iliyonse kumakhala osewera 15, pabwalo lalikulu kuposa la mpira wamiyendo: mamita 130 mpaka 145 mulitali, 80 mpaka 90 mulifupi. Mpira ndi wobulungira ndipo umagwidwa ndi manja, koma sungayende nawo mapazi oposa anayi usanaugunditse pansi kapena kuugwetsera paphazi n'kuubwezera m'manja, zomwe eni ake amati solo. Kugunditsa pansi kawiri motsatizana ndi faulo. Popatsira mnzako ndi dzanja suponya, umachita kuumenya ndi nkhonya kapena chikhatho. Golo limaoneka ngati chilembo H. Mpira ukadutsa pamwamba pa mtengo wopingasa ndi pointi imodzi, ukagwedeza ukonde ndi chigoli cha mapointi atatu. N'chifukwa chake zotsatira amazilemba 2-11, kutanthauza zigoli ziwiri ndi mapointi 11, zonse pamodzi 17. Masewero a matimu akuluakulu amatenga mphindi 70.

Koma chachikulu n'chakuti wosewera salandira malipiro ndipo sagulidwa. Bungwe la GAA, lomwe limayendetsa masewerowa ndipo linakhazikitsidwa mu 1884, limasungabe lamulo limeneli. Munthu amasewerera kalabu ya kwawo ndi boma la kwawo, mwa maboma 32 a pachilumbacho. Osewera ndi aphunzitsi a kusukulu, apolisi, alimi, ophunzira a ku yunivesite, amene amathamangira kokonzekera madzulo ataweruka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 167,000 ku Donegal, pamene ku Dublin anali oposa 1.4 miliyoni. Pofika 2011, Kerry inali itatenga chikho cha All-Ireland ka 36, Donegal kamodzi kokha. Mphunzitsi wa Donegal sangaitanitse womwetsa zigoli kuchokera kwina. Chomwe angasinthe ndi mphamvu za m'miyendo ya anyamata omwe ali nawo, malo omwe aliyense aime, ndi zomwe zili m'mitu yawo. Aliyense wofuna kumuweruza ayambire pamenepa.

McGuinness, wa ku Glenties, anabadwa mu 1972. Ali ndi zaka 19 anali m'gulu la Brian McEniff lomwe linagonjetsa Dublin mu 1992 n'kubweretsa chikho cha Sam Maguire, chomwe amalandira opambana All-Ireland, ku Donegal koyamba, ngakhale fainoloyo anaionera pabenchi. Anasewerera bomalo mpaka 2003, makamaka pakati, koma chikho china chachikulu sanachikhudzenso. Donegal inafika mu fainolo ya chigawo cha Ulster mu 1993, 1998 ndi 2002, konseko n'kugonja. Inali timu yodziwika ndi mpira wokoma wopatsirana ndi manja, yotamandidwa ndi owonera, yobwerera kwawo chimanjamanja chaka ndi chaka. Kupambana anakakudziwira ku makoleji, komwe anatenga chikho cha Sigerson katatu: mu 1998 ndi 1999 ndi koleji ya ku Tralee, mu 2001 ndi ya ku Jordanstown. Kenako anakaphunzira za kaganizidwe ka ochita masewero ku yunivesite ya Liverpool John Moores. Mu 2005 kalabu yake ya Naomh Conaill inatenga chikho cha boma koyamba m'mbiri yake, iye akusewera komanso akuphunzitsa, ndipo mbewu ya kaseweredwe kotseka kumbuyo inaonekera pomwepo.

Ntchito ya timu yaikulu anaifunsirapo n'kukanidwa. Anamupatsa anyamata osapitirira zaka 21, ndipo mu 2010 anatenga nawo Ulster n'kufika mu fainolo ya dziko lonse, komwe anagonja ndi Dublin ya Jim Gavin, penate ya Michael Murphy itamenya mtengo wopingasa kumapeto. Chaka chomwecho timu yaikulu inakwapulidwa ndi Armagh 2-14 kwa 0-11 ku Crossmaglen. Inali isanapambanepo masewero a chikho cha Ulster chichokereni 2007. Imeneyo ndiyo timu yomwe anamupatsa mu Julayi 2010.

Tsono anachita chiyani kwenikweni? Anthu amangoti anaika anthu ambiri kumbuyo, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Ndondomekoyo inali ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndiyo yovuta.

Donegal ikataya mpira, osewera apakati ndi a mzere woyamba wakutsogolo amaliyatsa liwiro kubwerera mkati mwa mzere wawo wa mamita 45. M'mbali mwa bwalo amasiyamo dala, n'kutseka pakati, moyang'anana ndi golo, pomwe pointi imamenyeka mosavuta. Mark McHugh, yemwe anavala nambala 12 ya wosewera kutsogolo, amakaima patsogolo pa otchinga atatu omaliza kuti adule mpira uliwonse wautali wopita kwa omwetsa zigoli. Mu mpira wa Gaelic suloledwa kugwetsa kapena kukoka mnzako. Ungamugunde phewa ndi phewa, kapena kumenya mpirawo ndi chikhatho chotambasula, basi. Munthu mmodzi payekha savuta kumudutsa. Koma akakuzinga awiri kapena atatu, manja ali m'mwamba, osakugwira, lamulo la mapazi anayi lija limakugwira lokha: wauchedwetsa mpira, woimbira waimba, mpira wapita kwa Donegal. Chofunika apa ndi kudziletsa, chifukwa faulo ya mkati mwa mamita 45 ndi pointi yaulere kwa adani.

Mpira ukangolandidwa, mbali yachiwiri imayamba. Wolanda samaumenya mwachisawawa kutsogolo. Amaupereka ndi dzanja kwa mnzake amene akuchokera kumbuyo kwake ali kale paliwiro, uyonso kwa wina wotero, ndipo otchinga kumbuyo monga Karl Lacey, Frank McGlynn ndi Anthony Thompson amatha kuthamanga bwalo lonse mpaka kukamenya okha. Adani, omwe anakokedwa kubwera kudera la Donegal, amatembenuka mochedwa. Murphy ndi McFadden amapezeka ali ndi malo aakulu kutsogolo. Mtengo wake ndi mapapo: munthu yemweyo athamange mamita 80 kupita, 80 kubwerera, mobwerezabwereza kwa mphindi 70. Miyendo ikatopa, kapena mpira ukatayika pakati otchinga asanu ali kutsogolo, kumbuyo kumakhala pululu. Zinachitikadi mu 2013, pomwe timu yotopa ndi yovulala inaswedwa ndi Mayo 4-17 kwa 1-10.

Vuto la tsiku lija la 2011 linali lakuti Donegal inali itaphunzira mbali yoyamba yokha. Inatsogola 0-6 kwa 0-3 chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndipo kuchokera apo sinapezenso kanthu, ngakhale Dublin inatsala ndi anthu 14 Diarmuid Connolly atapatsidwa khadi yofiira. Inali nyumba yomanga makoma denga lisanakwere, ndipo anthu anaiweruza ngati yatha. Komatu chaka chomwecho anali atatenga kale chikho cha Ulster, koyamba chichokereni 1992.

Onani 2012. Down inagwa 2-18 kwa 0-13 mu fainolo ya Ulster, ndipo chigoli chimodzi anamwetsa McGlynn, wotchinga kumbuyo. Kerry inagwa 1-12 kwa 1-10, Cork 0-16 kwa 1-11. Mu fainolo, mphindi yachitatu yokha, Lacey anatumiza mpira wautali wopingasa, Murphy n'kuuwakha m'mwamba, kutembenuka, n'kuuswa muukonde. McFadden anawonjezera chachiwiri mphindi 15 zisanakwane, ndipo Mayo inagonja 2-11 kwa 0-13. Osewera asanu ndi atatu a Donegal anasankhidwa mu timu ya akatswiri a chakacho, ndipo Lacey anakhala wosewera wopambana onse. Ambiri mwa anyamatawa ndi omwe aja anachititsidwa manyazi ku Crossmaglen zaka ziwiri zokha m'mbuyomo.

Semifainolo ya 2014 ndiyo iyenera kutseka pakamwa aliyense wonena kuti McGuinness amangodziwa kutchinga. Dublin ya Jim Gavin inali ikusesa aliyense, ndipo inayamba ndi moto: Paul Flynn ndi Connolly anamenya mapointi a kutali, n'kutsogola 0-9 kwa 0-4. Koma Dublin imakankhira anthu ake onse kutsogolo, aliyense ndi munthu wake, osasiya wotsekera kumbuyo. McGuinness anali ataziona. Goloboyi Paul Durcan ankamenya mpira woyambitsa wautali kudumphitsa gulu lonselo, Neil Gallagher kapena Murphy n'kuugwetsera othamanga, ndipo kutsogolo kwawo kunalibe munthu. Ryan McHugh anamwetsa ziwiri, McFadden chimodzi, masewero n'kutha 3-14 kwa 0-17. Kumeneku ndiko kugonja kokhako kwa Gavin pa mpikisano wa chikhochi pa zaka zisanu ndi ziwiri zomwe anaphunzitsa Dublin.

Nanga mpira woziziritsa m'nkhongono uja unachokera kuti? Kwa otengera. Kuuza anthu 14 kuti abwerere kumbuyo n'kosavuta, mphunzitsi aliyense wa kalabu angathe. Kuwaphunzitsa kutuluka paliwiro onse pamodzi kumafuna mphamvu, nthawi ndi osewera aluso, ndipo ambiri anangotola mbali yotchipayo. Matimu amphamvu nawo anapeza yankho lawo. Dublin inabweza Cian O'Sullivan kuti azitsekera kumbuyo, n'kuphunzira kusunga mpira: kupatsirana chammbali, kubwerera nawo kumbuyo, kudikira mpata osaponya mpira m'khamu. Inatenga chikho kasanu ndi kamodzi motsatizana, 2015 mpaka 2020. Timu imodzi ikakana kutuluka, ina n'kukana kutaya mpira, owonera amangoyasamula. Mu 2023 Roscommon inasunga mpira pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi osauwombera polimbana ndi Dublin, goloboyi akulandira nawo. Zaka zonsezi McGuinness kunalibe, anachoka mu Okutobala 2014. Ndipo ngakhale kuzinga wosewera ndi gulu sanayambitse ndi iye: Armagh ya Joe Kernan mu 2002 ndi Tyrone ya Mickey Harte mu 2003 zinali zitayamba kale, ndipo Tyroneyo inapanikiza Kerry mpaka kupeza mapointi asanu ndi imodzi okha.

Wina anena kuti wolambula njira ndiye mwini ulendo, kuti akadapanda kupambana nayo ndondomekoyi ena sakadaitengera. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ikusenzetsa katundu munthu wolakwika. Mphunzitsi amayankha kwa anyamata amene akusiya mabanja awo madzulo, ena kuyendetsa galimoto maola angapo kuchokera ku Dublin kapena ku Galway, popanda malipiro. Sangawauze kuti tiyeni tizigonja mokongola kuti anthu a kwina asangalale. Woteteza kukoma kwa masewero ndi mwini malamulo, GAA. Buku la malamulo linalibe chilichonse choletsa anthu onse 15 kuima kudera lawo. Bungweli linaona khomo lili pululu mu 2011, koma linadzalitseka mu 2025.

Mlandu weniweni wa McGuinness ndi wakuti ndondomeko yake amaikhulupirira kuposa anthu, ndiponso kuposa zomwe maso ake akuona pabwalo.

Za anthu, nkhani ya Kevin Cassidy ikwanira. Cassidy ndiye anamenya pointi ya kutali yomwe inagwetsa Kildare mu nthawi yowonjezera mu kotafainolo ya 2011, ndipo anasankhidwa mu timu ya akatswiri chakacho. Mu Novembala anachotsedwa m'timu chifukwa anafotokozera mtolankhani wolemba buku za m'kati mwa gulu, pomwe osewera anali atalonjeza kusunga chinsinsi. Sanasewererenso Donegal, ndipo mendulo ya 2012 inamudutsa. Ngakhale pa tsiku lachisangalalo lija atatenga chikho, McGuinness anakana kulankhula ndi atolankhani mpaka wolemba bukuyo atatuluka m'chipindamo. Lonjezo linaswedwadi, sindikukana. Koma kwa munthu amene wapereka zaka pafupifupi khumi kwaulere, kumuimitsa kwa kanthawi kukadakwana. Chilango chinaposa mlandu.

Za pabwalo, chenjezo loyamba linabwera mu fainolo ya 2014. Éamonn Fitzmaurice wa Kerry, yemwe analibe ngakhale katswiri wake Colm Cooper chifukwa chovulala, anakana msampha womwe Dublin inagweramo. Anauza otchinga ake kuti asatsatire anthu awo kutsogolo, akhale pamalo. Donegal ikalanda mpira n'kutuluka paliwiro, imapeza khoma longa lake lomwe likuidikira. Anthu amakumbukira kuphonya kwa Durcan, yemwe mpira wake woyambitsa waufupi unagwera m'manja mwa Kieran Donaghy n'kukhala chigoli, ndipo n'zoona kuti Kerry inapambana ndi mapointi atatu omwewo, 2-9 kwa 0-12. Koma Donegal inatha mphindi 70 osamwetsa chigoli, ikugogoda khomo lomwelo mwa njira yomweyo.

Za ulendo wake ku mpira wamiyendo sindichedwapo. Anayamba kugwira ntchito ku Celtic mu Novembala 2012, anakathandizira Roger Schmidt ku Beijing Guoan mu 2017, ndipo ku Charlotte Independence ku America anachotsedwa mu 2019 atapambana kamodzi pa masewero 14. Maganizo anga ndi akuti mphamvu yake yaikulu ndi kukolezera moto wa kwathu mwa anyamata a boma limodzi, ndipo moto umenewo sumayaka chimodzimodzi mwa anthu olembedwa ntchito ochokera kosiyanasiyana.

Anabwerera ku Donegal mu Ogasiti 2023, timu itatsitsidwa mu ligi yaikulu, mphunzitsi Paddy Carr atatula pansi udindo pakati pa chaka. Sanachedwe kuonetsa kuti diso lake lidakali lakuthwa. Derry ya Mickey Harte, yomwe inali itangotenga ligi, imakonda kutulutsa goloboyi wake kudzathandiza pakati. Donegal inayankha ndi mipira yaitali ya goloboyi wake Shaun Patton yodumpha onse, n'kupeza golo lopanda mwini: 4-11 kwa 0-17. Anatenga Ulster mu 2024 pogonjetsa Armagh pa mapenate, n'kuitenganso mu 2025 pogonjetsa Armagh yomweyo mu nthawi yowonjezera, Murphy atabwerera kuchokera kopuma. Zikho za Ulster zomwe watenga ngati mphunzitsi zinakwana zisanu.

Chaka cha 2025 chinabwera ndi malamulo atsopano a komiti yomwe anaitsogolera ndi Jim Gavin yemwe uja. Timu iliyonse isiye osewera atatu kudera la adani nthawi zonse. Mpira woyambitsa wa goloboyi udutse mzere wokhota wa mamita 40. Ndipo chachikulu, womenyedwa kuchokera kunja kwa mzere wokhotawo n'kudutsa pamwamba ndi mapointi awiri. Donegal inazolowera msanga, mpaka kuswa Meath 3-26 kwa 0-15 mu semifainolo. Amene ankati mkuluyu sangakhale ndi moyo popanda khamu kumbuyo anasowa chonena.

Kenako pa 27 Julayi 2025 inakumana ndi Kerry ya Jack O'Connor. Donegal inatchinga mwa kugawana malo, aliyense kusunga dera lake m'mphepete mwa mzere wokhota, osati kutsatira munthu, kupatula Brendan McCole yemwe anapatsidwa ntchito yolonda David Clifford, katswiri wa kutsogolo wa Kerry. Masamu ake ndi osavuta. Kale, kulola mdani kumenya ali pa mamita 45 kunali nzeru, chifukwa mpira wovuta chotero umabala pointi imodzi yokha ukalowa. Pano wosewera amene amalowetsa theka la mipira yotere akupeza pointi imodzi pa kumenya kulikonse, chimodzimodzi ndi amene akumenya pafupi osaphonya. Malo omwe McGuinness wakhala akuwapereka mwadala kuyambira 2011 ndiwo asanduka odula kwambiri pabwalo. Tsobola wakale sawawa.

Kerry inaima kunja kwa mzerewo n'kumasewera mosatekeseka. Paudie Clifford, yemwe ndiye amagawa mipira, analibe womulonda, ndipo anagwira mpira ka 76. Mng'ono wake David anapeza mapointi asanu ndi anayi, kuphatikizapo ya mapointi awiri itatu. Umodzi anaumenya chigawo choyamba chikutha, Kerry itasunga mpira mwadala kudikira belu, Donegal ikungoyang'ana, n'kupita kokapuma ili 0-17 kwa 0-10. Kerry inalowetsa isanu ya mapointi awiri, Donegal ngakhale umodzi. Masewero anatha 1-26 kwa 0-19.

Zodandaula zilipo. Awa anali masewero a nambala 11 a Donegal pa mpikisanowu, ndipo Ciarán Thompson, mmodzi mwa omenya kutali, anatuluka atavulala chigawo choyamba. Ndikudziwanso kuti kutulutsa munthu mmodzi kuti akamatirire Paudie kumasiya bowo m'khoma, ndipo kukankhira mzere wonse kutsogolo mamita asanu kapena khumi kumasiya otchinga omaliza aliyense ndi munthu wake, pamaso pa David Clifford. N'zoopsa ndithu. Koma zoopsazo zimayesedwa pa sikelo ndi zomwe zikuchitika kale, ndipo pofika mphindi 20 Kerry inali itathawa. Timu yotsalira ndi mapointi asanu ndi awiri pakupuma ilibenso choti iteteze. Inafunika wothamanga mmodzi woti apite kulikonse komwe Paudie wapita, wapakati mmodzi abwerere kudzatseka dera losiyidwalo, ndipo kutsogolo omenya kutali monga Michael Langan auzidwe kuti ayese kuchokera kunja kwa mzere m'malo molowa nawo mpira mkati kukatola pointi imodziimodzi. Donegal inabwera chigawo chachiwiri ndi mtima, inachepetsa kusiyana kufika pa mapointi anayi, koma Paudie anapitiriza kulandira mpira ali yekha mpaka woimbira anamaliza masewero.